Mphika Umodzi wa Lobisitala

Lolemba, 25 Julaye

Kwatsala masiku asanu ndi limodzi kuti chinkhoswe cha Tamanda chifike. Mdzukulu wanga woyamba. Chikachitikira ku holo ya tchalitchi ku Beech Grove, Lamulungu masana, chifukwa akuchimuna ndi a Sabata a ku South Bend, Loweruka sayenda za maphwando.

Ndikulemba m'kope lakale la masamu la Tamanda, popeza m'nyumba muno wondimvera palibe. Kope silinena kuti, "Amayi, khalani pansi, BP."

Nkhani ndi iyi. Esnart, mwana wobereka ndekha, wapereka ntchito yonse yophika kwa mayi wina wa keteringi. Ine, amene ndaphikira maukwati ndi maliro a m'mudzi mwathu monse ku Thyolo, migolo inayi pamoto nthawi imodzi, andipatsa mphika umodzi. UMODZI! Ati, "Amayi, mukaphika bwino umenewu, ozimitsa moto osabwera, khitchini ya ukwati mu Okutobala ndi yanu."

Za ozimitsa moto zija saiwala. Chaka chatha ndinkangowaula mang'ina pa sitovu, monga amachitira munthu aliyense wanzeru. Kabelu ka kudenga kanayamba kulira ngati kafedwa, aneba anaimba foni, kunabwera chigalimoto chofiira ndi amuna asanu ovala ngati akukafula njuchi. Kuchokera tsiku limenelo ine ndine wa maikulowevu. Kudina batani. Ti-ti-ti. Manja awa!

Tsono mphika umodziwo uyenera kulankhula.

Nkhumba ndiye ndimaitha, koma a Sabata sadya. Mlamba sadya. Mbewa sadya, ndipo kuno angakazikumbe ndani. Nkhuku, ng'ombe, mpunga, nyemba, zonse watenga wa keteringi.

Ondiombola ndi akamwini anga, bambo a Tamanda. Anyamuka m'mawa uno ndi anzawo a kuntchito, pa galimoto, ulendo wa ku Florida. Ati kumeneko Lachitatu ndi Lachinayi boma limatsegula nyanja masiku awiri okha kuti anthu wamba agwire lobisitala. Lobisitala ndi nkhanu, koma nkhanu yopita kusukulu: yaitali, ya ndevu, amadya mabwana atamanga kansalu pakhosi.

Ndawauza ndikuyang'ana furiji, pakuti mkamwini sayang'anidwa m'maso: "Zimenezo mudzandipatse ine. Esnart asadziwe." Ayankha akuyang'ana chitseko: "Amayi, konzani mphika waukulu. Makumi awiri ndi zinayi zikubwera."

Nkhanu ndimazidziwa. Ndinayamba kuzigwira mumtsinje wa kwathu ndisanagule mano.

Za a Sabata ndaganiza kale. Lamulo lawo ndi loti cha m'madzi chikhale ndi mamba. Ndaona chithunzi pa foni. Mamba thupi lonse, olimba ngati malata. Chambo chingachite nsanje.

Lachiwiri, 26 Julaye

Kukutentha ngati ku Chikwawa, koma zenera satsegula, ati mphepo ya makina ithawa. Dziko lotsekera mphepo m'nyumba!

Akamwini akadali pamsewu. Ati adutsa ku Georgia, msana ukuwawa. Sanagwire kanthu, msana wayamba kale.

Zomwe ndakonza:
Mphika waukulu. Ndaupeza ku galaja, munali timagetsi ta Khirisimasi. Mphika wosungira magetsi, ine ndili moyo!
Anyezi, tomato, nsawawa. Wandigulira Tamanda ku Lafayette Road.
Nsinjiro. Wagaya pa makina aja ofuula. Zatuluka, koma zilibe ulemu wa mumtondo.
Kampeni kanga ka kumudzi. Ndakanola pa sitepe ya kukhomo, aneba akusuzumira pa katani. Asuzumire.

Masana aimba a Nambewe, agogo ake a Dalitso, mnyamata wotomera Tamandayo. Mawu ngati uchi, koma njuchi ili momwemo. "Tamva kuti munapuma pa zophikaphika, amayi. Ndi bwinotu, ukalamba umafuna mpando."

Mpando! Akuluakulu kwa ine ndi iwowo, ine ndikuvinidwa iwo ali ndi ana awiri.

Ndati, "Mudzabwere ndi njala. Ndikuphikirani ndiwo yoti simunaidyepo chibadwire."

Ati, "Ndiwo yanji?"

Ndati, "Mudzaiona."

Ndine wopusa ine kuti ndiwauze dzina? Akagule yawo ku South Bend, adzafike nayo m'bakuli, n'kumati ndi nzeru zawo? Ndawadziwa anthu.

Lachitatu, 27 Julaye

M'mawa. Lero nyanja yatsegulidwa. Ndadzuka ndi nyimbo ya kwaya, bondo silikuwawa.

Masana. Bondo likuwawa.

Foni yalira, ya kanema ija yoonana nkhope. Tamanda wadina n'kundipatsa m'manja. Mayo ine! Akamwini anga, bambo wa ulemu wake, wonyamula mbale ya chopereka kutchalitchi, ali chifuwa pamtunda, kakabudula kothina ngati ka mwana wa sitandade wanu, kumaso chigalasi, pakamwa kapaipi. Zaka zonsezi ndawapatukira m'njira, m'khonde, pakhomo la bafa. Lero ndaona mchombo.

Ndavundikira foni pa tebulo. Talankhulana choncho, iwo ali m'bwato, ine ndikuyankha tebulo.

Lipoti lawo:
Bwato litangonyamuka, asanza. Kawiri.
Atalowa m'madzi akumbukira kuti kusambira anaphunzirira m'dziwe la ku jimu, momwe mapazi amafika pansi. Munthu wa ku Dowa! Ndinkaganiza chiyani ine?
Lobisitala sagwira ndi mbedza. Imabisala kunsi kwa mwala, umaigirigisha kumchira ndi kandodo kuti ituluke, n'kuitchera kaukonde. Bambo wa imvi, ulendo wa masiku awiri, kukagirigisha nkhanu.
Agwira zitatu. Zonse azibweza m'madzi!

Ati pali kachitsulo koyezera msana wake, ikaperewera imabwerera kwa amake. Kuyeza ndiwo ngati ukukaisokera yunifomu! Kwathu yaing'ono ndiyo inkayamba kulowa mumphika, chifukwa sidziwa kuthawa.

Ati, "Amayi, lamulo ndi lamulo, akakupeza nayo amalanda ndi zipangizo zomwe." Ndati alande kakabudulako poyamba.

Lero: palibe. Mphika uli pakona, ukundiyang'ana kukamwa kuli yasa.

Lachinayi, 28 Julaye

Esnart wabwera ku shifiti maso ali gwa ngati a kadzidzi. Wapunthwa pa mphika. "Amayi, mukufuna kusambiramo? Mukuphika chiyani kodi?"

Ndati, "Ndiwo."

Wandiyang'ana nthawi yaitali, kenako wayang'ana kabelu ka kudenga, wakadina kuti aone ngati kakulira. Kalira. Wapita kukagona. Mwana ameneyu ndinamuphunzitsa ndine kusonkha moto.

Foni ndaimata pulasitala pa kadiso kake. Zadzulo zisabwerezedwe.

Akamwini aimba nthawi ya nkhomaliro mwachimwemwe. Agwira chachikulu, chonga mkono wa munthu! Ndaimirira. Ndaluluta pang'ono. Ndiye ati, "Koma tachibweza, amayi, chinali ndi mazira kunsi kwa mchira."

Mazira! Pokoma penipeni! Munthu wapeza ndiwo yodzera ndi ndiwo inzake, n'kuiponya m'nyanja, n'kuiuza kuti yenda bwino. Ati yamazira siloledwa, ndi ya chaka chamawa. Chinkhoswe ndi cha chaka chamawa?

Kenako kwabwera mabingu, mabwato onse abwerera kumtunda. Nyengo yatha. Masiku awiri aja ndi amenewo.

Zomwe zikubwera: zitatu. Ndafunsa kuti mwa zitatuzo zogwira okha ndi zingati. Foni yayamba kudukaduka. Netiweki ya kuno imadziwa nthawi yodukira.

Makumi awiri ndi zinayi zasanduka zitatu. Alendo oitanidwa makumi asanu ndi limodzi. Ndipo mlomo wanga ndinausiya ku South Bend Lachiwiri, ukundidikirira.

Lachisanu, 29 Julaye

Sindingakhale manja lende. Nkhanu si za ku Florida zokha, madzi ali ponseponse.

Ndauza Tamanda kuti adokotala anati ndiziyenda. Wandiyendetsa pa galimoto mpaka ku paki ya ku Fort, kuja kunkakhala asilikali. Kuno ngakhale pokayenda pansi umapita pa galimoto. Iye akulankhula ndi Dalitso pa foni, ine zee kumtsinje, nsapato pambali, chitenje m'chiuno, chigoba cha ayisikirimu m'manja.

Ndagudubuza mwala woyamba. Zilipo! Tiana ta lobisitala, totalika ngati chala, timanja m'mwamba ngati tikufuna ndewu. Dzanja langa silinaiwale. Kumsana, gwi! Kamodzi, kawiri, mpaka zisanu ndi ziwiri. Madzi ozizira m'miyendo, fungo la matope. Kwa kanthawi ndinali mtsikana wa ku Thyolo, mano onse ali m'kamwa.

Ndiye wabwera bambo wa chipewa, wa yunifomu. Waulemu ndithu, wavula magalasi. Chizungu chake ndangomva "mam" ndi "laisensi". Tamanda wathamanga, manyazi atamugwira mpaka m'makutu. Ati ngakhale tinkhanu ta mumtsinje timafuna pepala. Dziko lino nkhanu iliyonse ili ndi loya wake.

Ndazikhuthulira m'madzi, zisanu ndi ziwiri zonse. Potembenuka ndaterereka, ndakhala pansi mumtsinje, thapsa! Bambo wa chipewa ndi amene wandidzutsa. Ndabwerera kunyumba nditakhalira pepala la pulasitiki ngati katundu wodontha.

M'galimoto ndaulula zonse. Tikufika pa maloboti Tamanda ati, "Agogo, are you sure? A kwa Dalitso amadya zimenezo? Ndimutekisite?"

Ndati, "Ili ndi mamba. Ukatekisita, ine mawa ndikwera ndege, chinkhoswe uvine wekha."

Waika foni pansi. Mwana wabwino. Amamva Chichewa chonse, kungoti pakamwa pake pamatuluka china.

Loweruka, 30 Julaye

Akamwini afika m'mawa. Khungu la pamapewa likusupuka, akuyenda ngati anyamula mazira m'khwapa. Aika chibokosi cha ayisi pakati pa khitchini, chachikulu ngati cha maliro a mwana, n'kubwerera m'mbuyo mwaulemu.

Ndatsegula. Ayisi. Ndafukula. Ayisi. Pansi penipeni, michira itatu.

Michira yokha! Mitu ili kuti? Ati anaipotokola pagombe n'kutaya, kumeneko amatero. Mutu, kochokera msuzi! Ndevu zomwe ndimati ndidzaike pamwamba kuti a Nambewe aone! Munthu angakutumizire mbuzi, n'kufika ndi mchira.

Akuyang'ana chitseko, ati, "Amayi, imeneyi ndi mphindi zisanu ndi imodzi zokha m'madzi owira. Kenako batala. Basi."

Mphindi zisanu ndi imodzi. Ndikapatse alendo a ku South Bend nyama yaiwisi, akatsekule m'mimba pamsewu wa maola atatu? Chinthu chokwawa pansi pa nyanja, chodya zomwe sitikuzidziwa? Ndati zikomo, kapumeni. Amene analephera kuigwira asandiphunzitse kuiphika.

Esnart ali ku shifiti mpaka madzulo. Sitovu ndi yanga, koyamba chichokereni ozimitsa moto. Ndaisisita pang'ono, palibe wandiona.

Ndasenda zigoba, ndazisunga. Nyama yoyera, yofewa ngati chiwindi. Ndaduladula ndi kampeni kanga: zidutswa makumi anayi. Ana sadzalawa, ndi amuna ena omwe.

Ola loyamba. Ndalawa. Yalimba. Ndiye kuti sinapse.
Ola lachiwiri. Yalimbiratu, ndipo yachepa. Nyama yanji yomwe ukamaiphika imabwerera m'mbuyo? Tambala wokalamba amagonja, mang'ina amagonja.
Ola lachitatu. Ndathira soda pang'ono, monga timachitira ndi khwanya louma. Yachita thovu, yatulutsa fungo loti akamwini atsokomola ali kuchipinda. Kunja yaterera ngati therere, m'kati labala ya legeni.
Kabelu ka kudenga ndakaveka sokosi. Sikanalire.

Ndathira tomato, anyezi, nsinjiro zonse. Nsinjiro zimabisa machimo ambiri.

Msuzi wokha ndiye eee! Ndikunena zoona pamaso pa kope ili: msuzi woterewu sindinaphikepo. Koma zidutswa zija zafanana ndi nsawawa kukula kwake. Ndayesa chimodzi ndi dzino langa lodalirika la kumanzere. Dzino lagwedezeka. Ndachibwezera mumphika.

Mawa zikagonera mwina zifewa. Nyemba zimatero.

Lamulungu, 31 Julaye

Sizinafewe.

Ndilembe mwadongosolo, kuti tsiku lina wina adzadziwe kuti sindinachite dala.

Tafika ku holo molawirira. Wa keteringi wandandalika mabeseni ake a chitsulo, uliwonse ndi kamoto kake kunsi, iye watuluka kukatenga mpunga ku galimoto. Ndalawa nyemba zake. Madzi osambitsira mwana! Ndipo Esnart ananena kuti ambiri a ku South Bend nyama iliyonse sadya, adalira nyemba zomwezo. Chisoni chandigwira. Ndatunga msuzi wanga zipande ziwiri, ndathira m'nyemba, ndatakasa. Ndalawanso. Nyemba zadzuka kwa akufa. Mphika wanga ndauika kumapeto, zigoba zitatu zija ndakongoletsera pambali.

A ku South Bend afika ndi magalimoto asanu ndi atatu. Ankhoswe apatsana tambala ndi msoti, zonse zootcha kale za m'sitolo, zopanda mitu ngati lobisitala zanga. Tamanda amutulutsa atamufunditsa chitenje, Dalitso wamuzindikira ndi nsapato. Ndaluluta mpaka kukhosi kuuma. Mpaka apa zonse bwino.

Nthawi ya chakudya. A Nambewe patsogolo pa mzere, duku lalitali ngati chulu. Mpunga. Kabichi. Nyemba zipande ziwiri. Afika pa mphika wanga, avundukula okha.

"Ndiye ndiwo ija imeneyi? Dzina lake?"

Ndanena mokweza kuti ndi a kumbuyo amve: "Lobisitala. Ya ku Florida. Yogwira akamwini anga ndi manja."

Wina waika mbale pansi. A Nambewe abwezera chivundikiro pang'onopang'ono ngati akutseka maso a malemu.

"Amayi, ife za m'madzi zopanda mamba ndi zipsepse sitidya."

Ndanyamula chigoba, ndawaonetsa. "Awa si mamba?"

"Chimenecho ndi chigoba, amayi. Nkhononso ili nacho."

Safunsa anadya phula. Mwambi umenewu ndauponyera anthu ambiri pa moyo wanga, sindinkadziwa kuti ukandipeza ku Beech Grove.

Zikanathera pomwepo, bwenzi ali manyazi chabe. Koma ndikuona a Nambewe akhala pansi, apemphera, atunga nyemba, supuni ikukwera. Kumbuyo kwawo mzere wonse wa South Bend, aliyense nyemba pambale. Palibe anandiona ndikuthira. Wa keteringi sakudziwa. Ndikangotseka pakamwa panga, adya, ayamikira, khitchini ya Okutobala mwina ikadalipo.

Pakamwa panga sipanatsekekepo chibadwire. Lero pokha ndinapapempha, pakana.

"A Nambewe, tulani supuniyo. M'nyembamo ndathiramo msuzi wake."

Anthu makumi atatu adya mpunga ndi kabichi pa chinkhoswe cha mdzukulu wanga. Ulendo wa maola atatu, mpunga ndi kabichi. Wa keteringi walira m'khitchini. A kwathu adya nyemba zonse mpaka kukokota beseni, wina ati sanadyepo nyemba zotere, wapita kukathokoza wa keteringi. Akamwini asowa, apezeka ali m'galimoto akudzola mafuta pamapewa.

Mphika wanga palibe waukhudza. Ndakhala pambali pake ngati mfedwa.

Ndiye wabwera Tamanda, ndi chilundu chake chatsopano, mbale m'manja. Watunga chidutswa chimodzi, waponya m'kamwa anthu onse akuona. "Agogo, ili bho," watero. Ndi mawu ake omaliza a tsikuli.

Chifukwa nthawi yomweyo amuitana kutsogolo ku malangizo. Amayi a mpingo alangiza, Tamanda akutafuna. Ankhoswe alangiza, akutafuna. Kumeza sikutheka, kulavula pamaso pa apongozi sikutheka. Akamufunsa kuti, "Wamva, mwana iwe?" iye kungogwedeza mutu, maso pansi, misozi ili lengelenge. Mtsikana amene amatsutsana ndi wailesi yomwe!

Potsanzikana a Nambewe andigwira dzanja. "Za ndiwo tisiye, amayi, munanena nokha chilungamo. Koma mwana munalera. Wofatsa, wamanyazi, sayankha akulu. Ana a kuno sakhala choncho."

Ndati zikomo. Ndikanati chiyani?

Pobwerera Esnart wadiraiva mpaka kulowa mu Lawrence, komwe timakhala. Ndiye ati, mofatsa, kufatsa kuja kopweteka kuposa kukalipa: "Amayi, pa ukwati mudzakhala ku hayi tebulo. Ndikugulirani chipewa."

Ku hayi tebulo ndikudziwako. Ndaperekerako chakudya zaka zambiri. Kumakhala anthu omwe ntchito yawo inatha.

Ozimitsa moto sanabwere, ndamukumbutsa. Tikulowa m'nyumba wayang'ana kudenga, wakwera pampando, wavula sokosi ija, wandipatsa m'manja.

Mphika waukulu wabwerera ku galaja, timagetsi talowamo. Kampeni ndakakulunga m'chitenje, kali pansi pa sutikesi. Tamanda watumiza uthenga kuti chidutswa chija chinamezeka ali pa maloboti a ku Beech Grove, ndipo nsagwada zikuwawa.

Zatsala zidutswa makumi atatu ndi zisanu ndi zinayi, m'chigoba cha ayisikirimu. Kutaya sindingataye, zinachokera kutali. Chimodzi pa tsiku, choyamwa ngati switi, ndifika nazo mu Seputembala.

Ndatenthetsa cha lero. Ti-ti-ti.